Kodi mitsempha ya m'matumbo angaibzale?

Mai_Tadala: Mwana wanga anabadwa ndi matenda a Hirschsprung. Masiku atatu osachita chimbudzi, mimba itatupa ngati ng'oma, akusanza zobiriwira. Adokotala anati kumunsi kwa thumbo lake lalikulu kulibe maselo a mitsempha okankha chimbudzi. Anamuboola pamimba, tinatha miyezi 9 tikusintha kathumba kolandira chimbudzi, kenako anadula chigawo chofooka n'kulumikiza. Pano ali ndi zaka 4 koma amadetsabe kabudula ku nazale. Alamu anga akuti kunja akubzala ma stem cell (maselo otha kusanduka maselo a mitundu ina) m'matumbo. N'zoona? Amawatenga kuti?

Kondwa_labu: Pepani mayi. Ine ndimagwira mu labu ku London, ntchito yanga ndi yomweyi. Maselowa amachokera m'thumbo momwemo. Mwana akali m'mimba, maselo oyambitsa mitsempha amayenda kuchokera chakukhosi mpaka kumalekezero a thumbo. Kwa Tadala sanafike. Koma ena amatsalira m'khoma la thumbo ngakhale munthu atabadwa, ndiye timasaka amenewo.

Kachidutswa ka thumbo kochokera ku opaleshoni timakaduladula, n'kukanyika mu collagenase, mankhwala osungunula zolumikiza maselo, mpaka maselo atamwazikana. Tikatero timathira mankhwala owala amene amamatirira pa chizindikiro chotchedwa p75 chopezeka pa maselo amene tikusakawo, makina otchedwa FACS n'kumapatula limodzilimodzi, owala kwina, ena kwina. M'mbale amaunjikana timipira tating'ono ngati mazira a nsomba, timati ma neurosphere. Vuto lake, p75 amapezekanso pa maselo a glia, amene amathandizira maselo a mitsempha, ndiye mwapatula bwinobwino koma mwatenga tirigu ndi namsongole womwe. Sabata zina timipira sititukuka n'komwe, ndipo ndimabwerera kunyumba wokhumudwa.

Mu 2016 gulu la Lorenz Studer ku New York linapanga maselo oterewa kuchokera ku ma stem cell a munthu, n'kuwaika mu mbewa zodwala Hirschsprung, mbewazo zinapulumuka. Mbewa, mayi. Kwa ana sichinakhale chithandizo. Wina akakuuzani kuti alipo ogulitsa, musapereke ndalama.

Namwino_Bt: Achemwali, kudetsa kabudula pambuyo pa opaleshoniyi n'kofala. Nthawi zina chimbudzi chimakhala chauma mkati, chamadzi n'kumadontha m'mbali. Bwererani naye ku kiliniki ya opaleshoni ya ana akamupime. Koma akatupa mimba, kutentha thupi ndi kutsegula konunkha, musadikire kuche.

Mai_Tadala: Zikomo nonse. A Kondwa, ndiye kathumbo kamene anadula kaja akanatha kupezamo maselo abwino?

Kondwa_labu: Chakumtunda kwake, eya. Amadula mopyolako pang'ono kuti alumikize pamene pali mitsempha, ndipo kachigawo kameneko ndi kamene timapempha kwa makolo.