Kasitoo pamalo otsetsereka, maziko ake mumatani kuti pansi pakhale levulo?

MayiWakuBangwe

Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kumanga kasitoo kuseri kwa nyumba kuno ku Bangwe, kosungiramo makasu, wilibala, feteleza ndi chimanga tikakolola, chifukwa panopa zonsezi zikugona nafe m'nyumba moti pa salooni sipakudutsika. Kukula kwake mamita 3 ku 2 ndi theka basi. Vuto ndi malowo, mukudziwa kuno n'kotsetsereka, tinayeza ndi thabwa ndi levulo yobwereka nde kuchoka kumtunda kufika kumunsi pa mamita atatuwo pakutsika pafupifupi masentimita 60. Bilida yemwe ndinamuitana akuti palibe vuto, tingomanga njerwa kumunsiko n'kuthira dothi mpaka pafanane kenako silabu pamwamba mawa lake. Koma mtima wanga sukuvomera ayi, ndalama za simenti ndazisonkhanitsa movutika sindikufuna mvula yoyamba ya Novembala idzandilize. Amene munamangapo pamalo otere munatani?

Bilida_Ndirande

Mayi mtima wanuwo ukunena zoona, musalole. Dothi lothira lero n'kuika silabu mawa limadzatsika lokha mvula ikalowa, pansi pa silabu pamatsala mphako nde mumangoona mng'alu ukuyenda kuchoka pakona, chitseko chayamba kukana kutseka. Ntchito ngati zimenezo timaitanidwa kukakonza chaka chilichonse kuno ku Ndirande.

Chinthu choyamba, khoma lisakhale pa dothi lothira, lifike pa nthaka yolimba yomwe sinasunthidwepo. Pa 60 wanuyo ine ndikanagawa pakati, kumtunda kumbani mudule phirilo ndi 30, kumunsi mukweze ndi 30, potero simukhala ndi chiphompho chachitali kumbuyo komanso simudya njerwa zambiri kutsogolo. Dothi lakuda lapamwamba lija la mizu ndi udzu lichotseni lonse mukathire kumunda, silolowa m'maziko limenelo. Ngalande ya maziko musaikumbe motsetsereka kutsatira malowo, konkire imathawira kumunsi komanso khoma limafuna kutsetsereka nalo. Ikumbeni ngati masitepe, sitepe iliyonse pansi pake pakhale levulo ndipo kutalika kwa sitepe kufanane ndi makosi a njerwa, awiri kapena atatu, kuti pomanga njerwa zikumane bwinobwino popanda kudzaza ndi matope ambiri.

Levulo yaifupi ija ya m'manja siikwana pa ntchito imeneyi, imanama mukaiyendetsa pa thabwa lopindika. Gulani payipi yoonekera mkati ija ya pulasitiki, mamita 8 kapena 10 ikwana, dzazani madzi muchotse thovu lonse, khomani zikhomo m'makona anayi kunja pang'ono kwa pokumba. Wina agwire mbali ina pa chikhomo chakumtunda, wina apite nayo pa zinazo, pomwe madzi aima mulembe ndi pensulo. Madzi sanama, zizindikiro zinayizo zili pa mulingo umodzi, nde mukokere twaini pamenepo ndipo chilichonse muziyeza kuchokera pa twainiyo kutsika pansi. Za makona, yezani masentimita 90 mbali ina, 120 mbali inayo, pakati pake pakhale 150 ndiye kuti kona yakhala sikweya, pomaliza yezani mopingasa kona ndi kona mbali zonse ziwiri zifanane.

Khoma la maziko likhale la njerwa ziwiri, lomanga ndi simenti osati dothi, muziikamo bulikifosi, waya uja woyala pakati pa mizere ya njerwa kuti khoma lilimbe. Likauma ndi pomwe mudzaze mkatimo, pang'onopang'ono, masentimita 15 kuwaza madzi kusinja, ena 15 kuwaza kusinja, mpaka chosinjiracho chizidumpha chokha. Anyamata aganyu amadana nayo ntchito imeneyi nde mukhale pomwepo mayi, mukangopita kumsika mupeza adzaza kale. Pamwamba pake miyala kapena zidutswa za njerwa, kusinjanso, kamchenga kotseka mipata, kenako silabu ya masentimita 10. Kasakanizidwe thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a kwale. Pa kukula mwanenako silabu yokha idya matumba asanu, gulani asanu ndi limodzi, a maziko ndi khoma ndi apadera.

Anaphiri_Chilobwe

Zonse anena abilidawa ndi zoona koma ine ndikufuna ndikambe za madzi, chifukwa ife a kuno ku Chilobwe tinaona ndi maso mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche. Sindikunena kuti ngalande ikanaletsa zija ayi, zinali zazikulu zija, koma kuchokera nthawi imeneyo munthu akati ndikudula phiri ine ndimayamba ndafunsa kuti madzi akumtunda adzera kuti. Achemwali mukadula 30 uja kumbuyo musagundike khoma la sitoo ku dothilo, siyani mpata woti munthu adutse ndi wilibala, mukumbe ngalande kumtunda yozungulira kanyumbako ndipo muiwake ndi miyala kapena njerwa kuti isamakumbike. Chiphomphocho muchisemere chopendekera osati choongoka ngati khoma, mudzalepo vetiva, mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo imagwira dothi zedi. Mukaganiza zomangapo kakhoma kotchinga dothi musiye timabowo m'munsi mwake kuti madzi azituluka, makoma ambiri amene amagwa dzinja ndi oti madzi anadzadza kumbuyo osapeza potulukira.

Chinanso chomwe anthu timaiwala, ngalande yanuyo isakathere pakhomo pa aneba akumunsi. Pitani mukacheze nawo musanakumbe mugwirizane kuti madzi alowere mu ngalande yaikulu ya mumsewu, milandu yambiri kwa amfumu nthawi ya mvula imakhala imeneyi. Madzi a padenga nawonso, malata aang'ono omwewo amagwetsa madzi ambiri ndipo amagwera pomwe pali maziko akumunsi, ikani gatala ndi mgolo mupezerepo madzi othirira masamba.

WakuJoni

Bwanji osangoimika pa mizati? Kuno ku Joni timanyumba tamatabwa tija amati wendy house ambiri amangotikhazika pa mabuloko kapena timizati ta njerwa, kumunsi mzati wautali kumtunda waufupi, pamwamba mitanda ndi matabwa basi, osakumba phiri osathira dothi ndipo madzi amangodutsa pansi. Simenti yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi silabu yonse.

Bilida_Ndirande

Achimwene njira imeneyo ndi yabwino pomwe malo atsetsereka kwambiri, ndipo nkhokwe za makolo athu zinkakhalanso m'mwamba choncho pa miyala ndi mafoloko. Koma kumeneko matabwa amagulitsa othira kale mankhwala, kuno mukagula a paini pamsika n'kuwaika pafupi ndi dothi chiswe chimapanga phwando. Komanso mayiwa akunena chimanga ndi feteleza, matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, pansi pa matabwa opyapyala sipangapirire pokhapokha mitanda ikhale yokhuthala komanso yoyandikana, mukawerengera mtengo wake mupeza wafika pa silabu pomwepo. Ndi akuba athu ano pansi pa matabwa amangozula ndi chitsulo. Pa 60 yekha ine ndiima pa silabu.

MayiWakuBangwe

Zikomo kwambiri nonse, ndalemba m'kope zonsezi ndipo za aneba Anaphiri mwandikumbutsa bwino, akumunsi kwathu ndi agogo okhala okha ndipita ndikawaone madzulo ano. Abilida funso lina, nanga chinyezi? Sitoo ya mchemwali wanga pansi pamatuluka thukuta dzinja lonse mpaka matumba apansi chimanga chinachita nkhungu. Ndiye pepala lakuda la pulasitiki loyala pansi pa silabu lija ndi lofunikadi kapena ndi njira yongodyera ndalama? Komanso ndiyambe liti poti tili mu Seputembala kale?

Bilida_Ndirande

Pepalalo musalisiye mayi, ndi lotchipa kuposa thumba limodzi la chimanga lomwe lingaole. Liyaleni pamwamba pa kamchenga kaja musanathire konkire, polumikiza lipitirirane ndithu ndipo aliyense asapondepo ndi nsapato za misomali. Musanayale pepala thirani mankhwala a chiswe pa dothi lonse ndi m'mbali mwa maziko, amapezeka m'mahadiweya, tsatirani zomwe zalembedwa pa botolo ndipo ana ndi nkhuku zikhale kutali tsiku limenelo. Kapepala kena kopyapyala kayalidwe pamwamba pa maziko pomwe khoma liyambire kuti chinyezi chisakwere mu njerwa. Silabu ikhale pamwamba pa nthaka ya panja ndi masentimita osachepera 15, makamaka mbali ya kumtunda yomwe mwadulayo, anthu ambiri amaphonya pamenepo nde madzi amalowera pansi pa khoma lakumbuyo. Chitseko chiyang'ane kumunsi kapena m'mbali, muikepo kasitepe kapena kamtunda ka wilibala.

Yambani pano pomwe dothi lili louma, musadikire Novembala. Kungoti dzuwa la Okutobala limaumitsa konkire msanga isanalimbe, nde thirani m'mawa kwambiri, ikagwira muifunditse masaka kapena udzu ndipo muziithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu musanayambe kumanga khoma pamwamba. Ngakhale zonse zitayenda bwino matumba a chimanga ndi feteleza musawagoneke pa simenti, ikani timatabwa pansi ndipo asagunde khoma. Bilida wanuyo muuzeni kuti mukufuna kuona ngalande ya masitepe ndi maso anu asanathire konkire, akakana pezani wina.