Mbewu ya mbatata yofiira ikutifera chilimwe chilichonse, inu mumaisunga bwanji?

Mlangizi wa ku Balaka:
Alangizi anzanga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mu Disembala tinagawa mbewu ya mbatata yofiira m'kati, mitundu ya Kadyaubwerere ndi Kaphulira, kwa amayi a m'magulu anayi a kadyedwe kabwino m'dera langa. Yabereka ndithu, ana akudya, ena afika pogulitsa m'mbali mwa msewu. Koma ino ndi Meyi, ndipo chikubwerachi ndikuchidziwa kale. Anthu akangomaliza kukolola chimanga mbuzi zimamasulidwa, pofika Seputembala m'minda simupezeka ngakhale tsamba limodzi la kholowa. Chimene mbuzi zasiya dzuwa limamaliza. Mvula ikagwa amayi omwewo amabwera pakhomo panga: "Alangizi, mbewu ija ili kuti?" Bungwe lomwe linkatipatsa mbewuyo ntchito yake yatha, ndiye chaka chino palibe kodalira. Madambo kuno ndi ochepa, ndipo amene ali ndi dimba amafuna tomato ndi mpiru woti apezerepo ya sopo. Kwanuko mumatani?

Mlangizi wopuma pantchito, Dedza:
Mwana wanga, vuto limeneli si lachilendo. Mbatata yofiira ya Zondeni itatuluka mu 2008 tinkalira chimodzimodzi. Ife tinkasankha alimi awiri atatu okhala ndi dimba lamadzi osaphwa, n'kuwapatsa udindo wochulukitsa mbewu, mvula ikayamba iwo amagulitsa mitolo kwa anzawo. Kenako pitani kwa amfumu akhazikitse lamulo la mbuzi. Popanda amfumu mungovutika chabe.

Mlangizi wa ku Balaka:
Zikomo bambo. Lamulo la mbuzi liripo, koma khola lalikulu m'mudzimo ndi la amfumu omwewo. Ndisiyire pomwepo. Wochulukitsa mbewu woyandikira ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mayi yemwe alibe ya mchere mu Disembala sangagule mtolo.

Mlangizi wamayi, Ntcheu:
Achimwene, lekani kulimbana ndi kusunga zingwe zamoyo miyezi isanu yopanda mvula. Sungani mbatata yeniyeniyo mumchenga, idzakupatsani zingwe nthawi ikakwana. Njirayi a CIP, bungwe lofufuza za mbatata, amaitcha Triple S, inayesedwa ku Uganda ndi ku Tanzania kumadera a chilimwe chachitali ngati kwanuko. Ife kuno tayichita zaka zingapo tsopano.

Pokumba, sankhani mbatata zapakatikati, zoti n'kukwana m'dzanja, zopanda bala la khasu, zopanda timabowo ta nankafumbwe. Zazikulu zija idyani, tating'ono kwambiri timanyala mumchenga. Muzisiye pamthunzi ziume dothi, osazitsuka. Tengani beseni, ngakhale long'aluka, yalani nyuzipepala zakale m'kati, thirani mchenga pansi, ndandalikani mbatata zisakhudzane, kwirirani ndi mchenga, ikaninso mzere wina. Pamwamba penipeni mchenga ukhale wokhuthala, masentimita 10. Beseni likhale m'nyumba pozizira, kutali ndi moto ndi nkhuku. Kamodzi pamwezi khuthulani muone: yowola tayani, yomwe yaphuka kwambiri budulani mphukirazo n'kuibwezera.

Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula iyambe, kwa inu ndiye kumayambiriro kwa Okutobala, zitulutseni mukabzale pakabedi kothira manyowa pafupi ndi nyumba, zotalikirana masentimita 60, n'kumangira mpanda waminga. Mvula yobzalira ikamagwa zingwe zakwana kudula. Mumadula za masentimita 30, n'kudikira ziphukenso, n'kudulanso. Mbatata 40 zikhoza kutulutsa zingwe pafupifupi 1,500 mukadula katatu. Banja limodzi zimenezo zilikwanira, n'kugawirako apongozi.

Mlangizi wa ku Balaka:
Achemwali, izi ndinazimvapo kumaphunziro koma ndinaziona ngati za m'buku. Mafunso awiri. Siziwola ndi kutentha kwa kuno? Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chikundiopsa: chakudya chili m'nyumba, mu Okutobala ufa wayamba kuchepa, ndani angadziletse?

Mlimi wotsogolera anzake, Salima:
Ndiloleni ndilowererepo alangizi, ine ndi mlimi chabe koma zinandigwera. Chaka choyamba ndinakatapa mchenga kumtsinje m'mawa, pamwamba ukuoneka wouma, n'kuthira tsiku lomwelo. Patatha mwezi, fungo lake! Beseni lonse phala. Mchenga uja unali ndi chinyontho. Chaka chachiwiri ndinauyanika padzuwa masiku awiri, koma ndinauthira uli wotentha masana, zina zinapsa khungu n'kuwolanso. Tsopano ndimauyanika, ndimausefa kuchotsa dothi ndi zinyalala, n'kuusiya ugone m'nyumba usiku wonse uzizire. Mchenga wake ukhale wokhakhala, wonga womangira nyumba uja. Kutentha kwa Salima mukukudziwa, koma chaka chatha mwa 45 ndinataya 6 zokha.

Za kudyazo musanamizidwe, zimachitika. Kwathu kuno mdzukulu anatulukira kuti mumchenga muli chuma, ankasolola imodzi imodzi n'kukaotcha kwa anzake. Ndinazindikira mochedwa. Pano beseni limakhala kuchipinda kwanga, pamwamba ndimaika thabwa ndi mwala chifukwa makoswe nawonso amafukula.

Mlangizi wamayi, Ntcheu:
Abambo a ku Salima anena zoona. Kumagulu kwathu tinagwirizana kuti tsiku loyang'ana mabeseni likhale limodzi, amayi amayenderana nyumba ndi nyumba n'kuwerenga. Munthu amachita manyazi kupezeka ndi mchenga wokhawokha. Komanso muwauze abambo a m'nyumbamo kuyambira pachiyambi kuti iyi ndi mbewu, monga momwe salola kuti chimanga cha mbewu chipite kuchigayo. Tikamaphunzitsa amayi okha, bambo amadzangoona mbatata n'kuitanitsa tiyi.

Mlangizi wa za mbewu, Thyolo:
Pali chimodzi chomwe simunatchule, ndipo kwa achimwene a ku Balaka ndi cha sabata ino, osati cha mawa. Mbatata yotengedwa paphata lodwala imasunga matendawo. Mukakumba kaye n'kuunjika pamodzi, simungadziwenso kuti iyi yachokera pati. Ndiye pitani m'minda masamba akadali obiriwira. Phata lomwe masamba ake ndi opiringizika, aang'onoang'ono, amawangamawanga achikasu, kapena lopinimbira, lili ndi matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba ndi tintchentche toyera tija. Lizuleni. Mapata athanzi zikanipo kamtengo, mbewu idzachokere pamenepo basi.

Nankafumbwe naye amalowera m'ming'alu ya mizere dothi likayamba kuuma. Amene sanakumbe akwezere dothi kutseka ming'aluyo, ndipo asachedwetse kukumba ya mbewu mpaka Julayi. Imodzi yokha yolowa ndi mazira mubeseni ikhoza kuononga zinzake.

Mitundu musasakanize mubeseni limodzi. Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire zonse zinatuluka mu 2011, koma sizikhwima nthawi imodzi. Kaphulira dzina lake likunena lokha. Ine ndimakonda kuti banja likhale ndi yocha msanga yothamangitsa njala ya Febuluwale ndi Malichi, ndi ina yodzakumba pambuyo. Mbewu ikafooka patapita zaka, funsani kudzera ku ofesi ya zaulimi yapaboma za mbewu yopanda matenda yochokera kumalo ofufuzira zaulimi a ku Bvumbwe.

Mlangizi wopuma pantchito, Dedza:
Zonsezi ndamva, ndipo sindikutsutsa. Koma Okutobala wa ku Balaka ndimamudziwa. Pamjigo mzere umayamba nkhuku zisanatsike. Madzi othirira kabediko achokera kuti? Mayi yemweyo asenze ndowa yakumwa, yophikira, kenako ya mbatata?

Mlangizi wamayi, Ntcheu:
Funso labwino bambo, ndipo mtolo umenewo ulipodi. Koma yerekezani: kuthirira zingwe kuyambira Juni mpaka Disembala, ndi kuthirira kabedi kamodzi masabata asanu ndi awiri. Ife timathirira kawiri pasabata, madzulo, n'kuphimbira ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Madzi otsukira ndiwo ndi mpunga amapita pomwepo. Ena anamanga kabedi kumapeto kwa ngalande yapamjigo, pomwe madzi amangotayika, atagwirizana ndi komiti yamjigo. Pamenepo mpanda ukhale wolimba zedi, chifukwa mbuzi zonse za m'mudzi zimakumana pomwepo.

Mlangizi wa zaumoyo, Machinga:
Ine ndine wakusikelo, ndingowonjezera mbali yanga. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse (DHS) wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndiye mbatata imeneyi sitikuilimira kukongola kwa mtundu. Kambatata kamodzi ka magalamu 125 kamakwanira vitamini A yemwe mwana wamng'ono amafuna patsiku. Koma vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Yowiritsa yokha ndi madzi akumwa, phindu limachepa. Auzeni aphike futali wothira nsinjiro, kapena apotere mbatata yophika m'phala la mwana. Kholowa naye ndi ndiwo, wotendera amakoma. Mbale imodzi mwapezamo magulu angapo a zakudya mwa asanu ndi limodzi aja. Kungoti kholowa wapakabedi ka mbewu asathyoledwe, ndaonapo bedi lonse litathera mumphika mvula isanagwe.

Mlangizi wa ku Balaka:
Mwandimasula anzanga. Lachiwiri ndikumana ndi atsogoleri a magulu anayi aja, tiyamba ndi kuzika timitengo pamapata athanzi monga anenera a ku Thyolo. Sindiyamba ndi onse. Nditenga mabanja asanu pagulu lililonse, abambo awo akhalepo, ndipo dimba limodzi lomwe tili nalo lisungebe zingwe monga mwa malangizo a bambo a ku Dedza, kuti mchenga ukatikana tisagwire m'madzi. Chatsala ndi mabeseni, ambiri ali nalo limodzi lomwe amasambitsiranso ana. Mtsuko wadothi wong'aluka ungagwire ntchito?

Mlimi wotsogolera anzake, Salima:
Ungagwire alangizi, bola wakukamwa kwakukulu kuti dzanja lizilowa bwino poyang'ana. Mlamu wanga amasungira m'dengu loyalamo thumba. Chokhacho musamange pakamwa ndi pulasitiki, mbatata imafuna kupuma.