Zingwe za jib (thanga lakutsogolo kwa boti) ndizimanga ndi mfundo yanji?

Akuluakulu oyendetsa maboti a matanga, ndithandizeni chonde. Zingwe ziwiri zokokera jib ndimamanga ndi mfundo yotchedwa bowline koma tikamatembenuza boti mfundozo zimakodwa pa waya wogwira mlongoti, thanga nkumangokupiza mpaka wina athamangire kutsogolo kukaziwonjola. Sabata yatha ku Senga Bay mwera utakula imodzi inachita kumasuka yokha, ndinaopa zedi.

Ena akuti ndigule chingwe chimodzi chachitali ndichipinde pakati nkumanga mfundo yotchedwa cow hitch, koma ndamva zoti nthawi zina imaterereka komanso ikamangika kwambiri kumasula kwake ndi ntchito. Shackle yachitsulo (cholumikizira chingwe ku thanga) ayi, ingamenye munthu kumutu. Nanga soft shackle ija, yopangidwa ndi chingwe cholimba chotchedwa Dyneema, imapirira dzuwa lakunyanjali? Chingwe changa ndi cha mamilimita 10, inuyo mumamanga bwanji?