Chotupa pa impso ya bambo: CT ya mankhwala kapena MRI?

Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu ogwira ntchito zachipatala. Bambo anga a zaka 64, amene ndimakhala nawo ku Chilenje mu Lusaka, anajambulidwa sikani ya pamimba chifukwa cha ululu wa m'nthiti, ndipo panaoneka chotupa cha masentimita 3 pa impso ya kumanzere. Dokotala watilembera CT (kujambula m'kati mwa thupi ndi cheza cha X-ray) yobaya mumtsempha mankhwala othandiza kuti ziwalo zioneke bwino pa chithunzi. Nkhawa yanga ndi yakuti bambo amadwala shuga ndipo amamwa metformin, komanso ndamva kuti mankhwala a CT amatha kuvulaza impso. Kodi sikungakhale bwino kupempha MRI (kujambula kogwiritsa ntchito maginito), ngakhale ndi yodula? Nanga poti chotupacho chaoneka kale, kujambulanso n'kwa chiyani?

Yankho loyamba: Pepani ndi matenda a bambo. Ine ndimagwira ntchito yojambula odwala. Sikani imene anachita imasiyanitsa bwino thumba la madzi ndi chotupa cha mnofu, koma siinena mokwanira ngati chotupacho chikulandira magazi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pa CT timajambula kaye tisanabaye mankhwala, kenako timajambulanso mankhwala atayenda m'magazi, n'kuyerekezera zithunzizo. Kuwala kwa chotupa kukawonjezeka kupitirira mayunitsi 20 pa muyeso wa Hounsfield (muyeso wa kuwala pa zithunzi za CT), ndiye kuti chili ndi mitsempha ya magazi, ndipo madokotala amayamba kuganizira za khansa. Chikapezeka ndi mafuta mkati, nthawi zambiri chimakhala angiomyolipoma, chomwe si khansa. Likakhala thumba la madzi, amaliika pa magulu a Bosniak, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1986: gulu I ndi II salikhudza, IIF amangolitsatira ndi masikani, pamene III ndi IV amakambirana za opaleshoni.

Za shuga, asanabayidwe ayezedwe magazi kuti aone creatinine ndi eGFR, miyeso yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito. Chiopsezo chenicheni chimakhala kwa amene eGFR yawo ili pansi pa 30. Ikakhala yabwino, ine sindiona chifukwa chothawira CT. Mwina adzawauza kuti aleke metformin kwa maola 48 atajambulidwa, koma zimenezo anene ndi dokotala, osati ife a pagulu. Mankhwala akamalowa, munthu amamva kutentha thupi lonse ndiponso ngati wadzikodzera. Muwauziretu bambo kuti asadzidzimuke.

Yankho lachiwiri: MRI ilibe cheza cha X-ray ndipo imathandiza pamene CT yasiya chikayiko, koma nayonso imafuna mankhwala ake a gadolinium, amene amaperekedwa mosamala kwa anthu a impso zofooka kwambiri. Wodwala amagona nthawi yaitali m'makina aphokoso osagwedezeka, ndipo ngati ali ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo ka mtima ayenera kunena msanga. Funsaninso ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, ngati bambo ali m'kaundula, musanalipire m'thumba.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mawa tikayezetsa magazi. Ndafuna kudziwanso ngati zotsatira za CT zili zokwanira kuti atitumize ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, kapena adzayamba atenga kanyama ka chotupacho ndi singano kuti akapime.