Sindikudziwa ngati Mulungu aliko, nanga akandipatsa pemphero kuntchito ndizitani?

Mbewe_waDowa:
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndinakulira mu CCAP, kalasi ndinalowa, ndinabatizidwa, ndipo mayi anga ndi a Chigwirizano mpaka lero. Koma panopa mutandifunsa ngati Mulungu aliko, yankho langa loona ndi lakuti sindikudziwa. Sindikunena kuti kulibe ayi. Pondivuta ndi kuntchito. Ndimagwira m'boma, ndipo msonkhano uliwonse, ngakhale wongokambirana za mafuta a galimoto, umatsegulidwa ndi pemphero. Wapampando akangoti "achimwene titsegulireni", ndimalakatula mawu oloweza pamtima, ndipo zimandiwawa chifukwa ndikunamiza anthu amene atsinzina moona mtima. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro, koma kuno ukakana kupemphera, mawa lake dzina lako ndi wasataniki. Ndikane?

Naphiri:
Mwanangu, ine ndine mkulu wa mpingo ndipo sindikuweruzani. Tomasi anakayika ali pakati pa ophunzira enieni. Pemphero lachiphamaso lisiyeni. Kaonaneni ndi wapampando panokha, muwauze mwaulemu kuti asamakulozeni, opemphera sasowa. Chokhacho, musadzipatule kwa anthu. Ku maliro pitani, kumanda kaperekezeni, chipepeso perekani. Tsiku limene zovuta zidzakuonekereni, odzagona pasiwa n'kumaimba mpaka mbandakucha ndi amayi omwewo a yunifolomu yoyera.

Chikaiko88:
Amayi ayankhula mwachifundo, koma n'chifukwa chiyani munthu azichita kukapempha mseri? Ofesi ya boma imayendera msonkho wa tonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 2 pa 100 aliwonse alibe chipembedzo, ndipo Asilamu ndi pafupifupi 14 pa 100. Onsewa azingoti ameni? Kumbukirani mkangano wa mu 2000, boma litafuna kuchotsa Bible Knowledge m'sukulu za sekondale n'kuikapo phunziro la zipembedzo zonse. Mipingo inakana mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Komanso okayikafe tisamaoneke ngati opanda ntchito. A George Thindwa a Association for Secular Humanism, bungwe la anthu osapembedza, anamenyera nkhondo agogo amene anatsekeredwa m'ndende powaganizira ufiti, pomwe lamulo la 1911 limati wolakwa ndi amene akunena mnzake kuti ndi mfiti.

Gogo_Jere:
Inu a Chikaiko, ine ndinali m'tchalitchi pa 8 Marichi 1992 pamene ankawerenga kalata ya maepiskopi a Katolika. Nthawi imeneyo kungotchula dzina la Kamuzu molakwika unkasowa. Mpingo ndi umene unatsegula pakamwa pa anthu, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavotera zipani zambiri. Pitani kumidzi mukaone zipatala ngati ya Nkhoma, Malamulo kapena Embangweni, zonsezo ndi za mishoni. Ndiye mpingo uziyankhula pa nkhani za dziko, ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma bwana kukakamiza wantchito wake kupemphera, zimenezo sindigwirizana nazo. Tinakana kukakamizidwa kugula khadi la chipani, nanga pemphero?

Mbewe_waDowa:
Zikomo nonse. Lolemba ndikaonana ndi wapampando monga anenera amayi Naphiri. Chatsala ndi cha kumudzi. Mayi anga amandifunsa pafoni ngati ndinadya mgonero mwezi uno. Alipo mwa inu amene anawauzapo makolo ake zoterezi? Munayamba bwanji?