Bungwe la maliro kuno ku Joni: tingatengeko chiyani ku dongosolo la ma lodge a Freemason?

Wa ku Mayfair: Abale, mabungwe athu a maliro amagwa chifukwa zonse zimakhala m'manja mwa wapampando. Akagwidwa chifukwa cha mapepala, kapena ntchito ikamuthera n'kubwerera kumudzi, buku ndi ndalama zimapita naye. Akuti ma lodge, kutanthauza nthambi za gulu la ubale lotchedwa Freemason, amagawana maudindo mwadongosolo. Chilipo chomwe tingatengeko?

Wa ku Rosettenville: Achimwene, miyambo yawoyo tiisiye pambali, tione kayendetsedwe kokha. Mtsogoleri wa lodge, yemwe amamutcha Master, amasankhidwa chaka ndi chaka. Pansi pake pali Senior Warden ndi Junior Warden, omwe amaphunzira ntchito akudikira nthawi yawo, ndiye mpando susowa wokhalapo. Mlembi ndi msungichuma ndi anthu awiri osiyana. Palinso Almoner, woyendera odwala ndi amasiye. Ife timasankha wapampando poti ali ndi galimoto, wachiwiri wake n'kungokhala dzina chabe. Wachiwiriyo aziyendetsa msonkhano umodzi pa itatu iliyonse, wapampando ali pomwepo.

Mayi wa ku Diepsloot: Bambo mwanena zoona, koma gulu limafera pa ndalama. Tsegulani akaunti ya stokvel, yomwe ndi akaunti ya gulu losonkherana ndalama. Kubanki adzafuna malamulo a gulu olembedwa komanso mayina a osayinira. Ikani atatu, ndalama zizituluka akasayina awiri, ndipo asakhale pachibale kapena a nyumba imodzi. Onaninso masiku a mapemiti awo, chifukwa ya mmodzi ikatha banki imatha kuimitsa akauntiyo maliro ali m'nyumba. Chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp si umboni, ena amachikonza pafoni. Msungichuma azibwera ndi sitetimenti pamsonkhano, wina yemwe sali m'komiti aziwerenga mokweza.

Lembaninso kuti wolowa kumene adikire miyezi ingati asanathandizidwe. Mukapanda kutero anthu amalowa m'bale wawo ali kayakaya.

Wa ku Turffontein: Mlembi azisunga makope a mapasipoti ndi manambala a abale akumudzi, wachiwiri wake akhalenso ndi ake. Kunyamula thupi pamafunika satifiketi ya imfa ya ku Home Affairs, kalata yoti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha a zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko muno, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Dzina lizifanana ndi la m'pasipoti pa pepala lililonse. Likasiyana chilembo chimodzi, galimoto itha kuchedwa pa chipata cha Beitbridge, musanafike n'komwe pa zipata za Nyamapanda ndi Mwanza.