Za ndalama za kiyibodi zija, nazi pomwe zafika

Mwezi watha ndinafunsa choti ndichite poti mwini bandi sanandilipire nditaimba kiyibodi pa maukwati a m'chilimwe, ndiponso ngati nyimbo zomwe ndinathandiza kujambula mu situdiyo zingandipatse kenakake ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi. Zikomo nonse amene munayankha.

Ndalama za ukwati zalowa theka pa Airtel Money, zotsala akuti "tikapeza". Chinandithandiza ndi mauthenga a WhatsApp omwe tinagwirizana mtengo. Nditawatumiza kwa iwo, mawu anasintha tsiku lomwelo. Amene mumati ndipite kubwalo la majisitireti munalondola, koma oimba a mu Blantyre muno timadziwana tonse. Ukasumira bwana mmodzi, foni imasiya kulira.

Za COSOMA ndiye zowawa. Bungweli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kumawailesi, mabala ndi mahotela, kenako n'kugawira eni nyimbo zolembetsedwa. Pa nyimbo zija dzina langa palibe paliponse, ngakhale kakiyibodi kotsegulira nyimbo kaja, komwe anthu amayamba nako kuvina, ndinakapeka ndine. Ndinalandira yanga ya tsikulo, basi zinathera pomwepo.

Panopa mvula yayamba, maukwati achepa, ndipo lendi sadikira Epulo. Ndikuphunzitsa ana a kwaya Loweruka lililonse. Aliyense wondiitana ndikumamuuza kuti theka lilowe ndisananyamule kiyibodi, ndipo dzina langa lilembedwe nyimbo isanatuluke. Ena akukana. Kodi alipo ali ndi chitsanzo cha kalata ya mgwirizano yachidule, ya tsamba limodzi?